Fumbi la Thonje m'Chifuwa cha Agogo Anu

Bwera nacho kuno chithunzicho, Nyasha, usachigwire ndi manja a mafutawo. Ukuti bwanji? Kuti agogo ako aakazi anamera imvi akadali mtsikana? Ha, ana inu! Si imvi zimenezo. Yang'anitsitsa, ndi thonje limenelo. Tsiku limenelo titaweruka ku fakitale tinapeza wojambula ataimika kamera yake ya miyendo itatu pansi pa jakaranda, pafupi ndi geti. Ine ndinati, "A Nabanda, dzikuntheni kaye kumutuko." Iwo anakana. Anati, "Ajambule chonchi, ana anga adzaone kuti amayi awo sankangokhala pakhomo kudikira za mwamuna."

Khalani pansi nonse. Magetsi sabwera msanga lero, ndipo mafoni anuwo atha moto kale, ndaona mmene mukuyendera ngati nkhuku zonyowa. Iwe Tafadzwa, usachite ngati Chichewa sukumva. Ukandiyankha m'Chishona palibe mlandu, bola makutu akhale kuno. Agogo anuwa simunawadziwe bwino. Nyasha anali kumsana kwa amake tsiku limene tinawaika. Ndiye lero ndikuuzani za iwo, ndi za mlandu uja mumamva akuluakulu akunong'onezana.

Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, dziko lija likadatchedwa Nyasalande. Anadzera ku Tete ndi anzawo, pamutu kamtolo ka ufa ndi kampoto. Anakathera ku migodi ya golide ku Gadzema, ndipo ine ndinabadwira komweko, m'komboni. Mmenemo munkamveka zilankhulo zonse, Chichewa, Chiyao, Chisena, Chishona, ndi chija cha pansi pa mgodi chotchedwa Chilapalapa, chimene bambo ankachisunga kuti azitikalipira nacho. Ukamva kuti "Buya lapa, wena!" unkadziwiratu kuti lero khutu likokedwa. Lamlungu masana anyamata a Chiyao ankavina beni atavala ngati asilikali, ife ana tikuwatsata m'mbuyo, fumbi lili koboo.

Bambo ankatsokomola ngati onse ogwira ntchito pansi. Nditayamba kumera ndevu anandiitana nati, "Mwana wanga, pansi usadzapiteko. Pansi pamadya chifuwa. Pita ku tauni ukagwire ntchito ya pamwamba, yoona dzuwa." Ndi mmene ndinabwerera ku Kadoma kuno, nthawiyo tikuti Gatuma. Ndinalembedwa pa fakitale ya ulusi ndi mabulangete. Si yaikulu ija imene aliyense amaidziwa ayi. Yathu inali ina yocheperapo, panjira yopita ku Chegutu. Lero mukadutsapo pa kombi, minibasi zathuzi, muona zipupa zokha, malata anthu anazula kale, m'kati mwamera mitengo.

Koma mukanaiona nthawi imeneyo! Nyengo yozizira ikafika, malole a thonje ankandandalika kuchokera ku Mubaira ndi kwina konse, m'mbali mwa msewu mutayera ngati wina wamwaza ufa. Mmawa lipenga la fakitale likalira, msewu wonse unkadzaza njinga. Njinga zenizeni zachitsulo, zoti unyamulepo mkazi, mwana ndi thumba la ufa, osati tinjinga tanu tamasiku ano tothyoka ndi kamwala. Tiyi tinkamwera m'zitini za jamu, ndi mabanzi otentha. Lachisanu lolandira aliyense ankabwerera kunyumba ndi nyama ya ku butchala yokulunga m'pepala, ndipo lokeshoni yathu ino ya Rimuka yonse inkanunkhira anyezi wokazinga pa pulaimasi. Pa Khirisimasi ankatipatsa bulangete limodzi lolakwika pang'ono poluka. Lija mumafunda mukabwera kutchuthi, la mizere yofiira m'mbali, ndi limodzi la amenewo. Lakalamba bwino kuposa ine. Anu a masiku ano ogula pamsikawa, kuchapa kawiri ayamba kale kuonetsa nyenyezi.

Ine ndinali kuchipinda cholukira, kuthira mafuta m'makina. Phokoso la mmenemo ndi limene linatseka khutu langa lakumanzereli, n'chifukwa chake ndimati muzikhala mbali iyi. Munthu sunkamva mawu a mnzako, tinkawerengana milomo. A Nabanda anali mtsikana wa ku Chegutu, mwana wa wophika pa famu ina, makolo awo a ku Ntcheu. Ankagwira kuchipinda chopesera thonje, koma mpopi wa madzi unali mbali yathu, ndiye ankadutsa kudzamwa. Tsiku lina ndinawauza ndi milomo yokha kuti, "Ndikukufunani." Anandiyang'ana, nayankha ndi milomo kuti, "Sindikumva." Mawa lake chimodzimodzi. Anandizunza chotero mpaka nyengo yozizira inatha. Tsiku limene anavomera ndinawafunsa panja, "Kodi simunkamvadi?" Anati, "Ndinamva tsiku loyamba lomwelo. Ndinkafuna ndione ngati milomo yanuyo itope." Mukuseka? Inu a masiku ano mumafunsirana pa foni, kukanidwa pa foni, kulira pa foni.

Titakwatirana, Loweruka lina lililonse tinkakwera sitima kupita ku Chegutu kukaona apongozi. Ulendo waufupi ndithu, koma tinkauvalira ngati tikupita kutali. Sitimayo inkayenda modekha, moti unkaona anthu akutola thonje m'minda n'kuwabayibitsa, iwo n'kuweramuka kukubayibitsanso. Pa siteshoni tinkagula maputi, mbuliwuli zija, ndi malalanje, pobwerera titanyamula nkhuku yamoyo ndi mbatata. A Nabanda ankaimba m'kwaya ya ku tchalitchi, mawu aja ozama a amayi ogwira nyimbo kunsi, ndipo m'sitima ankaimba cham'munsi atatsamira zenera mpaka anthu osawadziwa ankayamba kuwathandiza. Lamlungu tikabwera kopemphera, anthu akwathu ankadzaza pakhomo pano kudzamwa thobwa lawo. Thobwa lenileni la chimera, ana inu, osati madzi a shuga a m'mabotolo amene mumalirira. Ine ndinkazungulitsa kachitsulo ka wayilesi mpaka itagwira ya ku Malawi, mawu akubwera n'kuthawa, amuna akuluakulu atakhala chete kumvetsera uthenga wa maliro a m'midzi imene ambiri sanaipondepo.

Tsopano ndikuuzeni za chipinda chopesera thonje chija. Munali ngati nkhungu. Munthu ataima pamene pali mtengo wa mapeyalawo, nkhope yake sumaiona bwino. Fumbi linkalowa m'mphuno, m'makutu, m'chakudya. Anthu a mmenemo anali ndi matenda amene tinkawatcha chifuwa cha Lolemba. Ukapuma Lamlungu n'kubwerera Lolemba, pachifuwa pankamanga ngati wina wakuzenga ndi lamba, koma pofika pakati pa sabata pankamasuka. Tinkaseka, kumati ndi ulesi wa Lolemba. Zaka zikamapita Lolemba lija linkatalika, kulowa Lachiwiri, kulowa Lachitatu, mpaka sabata yonse inasanduka Lolemba.

Eni ake enieni a fakitale sanali kuno. Kampani ya kuno inali ndi dzina lakelake ndi mabwana ake, koma inali ya kampani ina yaikulu ya ku Ulaya, imene inali ndi mafakitale m'mayiko ambiri. Chaka chilichonse ankatumiza munthu wawo kudzayendera. Anali mzungu wamtali, waulemu ndithu, wopereka moni kwa aliyense. Tinkamutcha Kampango. Osati nsomba ija ya ku Malawi imene bambo anafa akuilakalaka ayi, koma chifukwa cha kampango koyera kamene ankatseka nako mphuno akangolowa kopesera thonje. Akamabwera tinkadziwiratu. Pansi ankathirapo madzi, makina ena ankawazimitsa, ndipo aliyense ankapatsidwa kansalu kotchinga pakamwa ndi mphuno, kamene kapitawo ankatolera mlendo akangokwera galimoto.

Mnzanga wapamtima anali Che Amidu, Myao wa ku Gadzema, amene tinakulira limodzi m'komboni. Iwo ku mzikiti, ine ku tchalitchi, koma mbale imodzi. Anali okonza makina opesera, ndipo chaka china kampani inawatumiza ku Ulaya kukaphunzira makina atsopano pa fakitale ya eni akewo. Atabwerako tinawaunjikira kuti atiuze za ndege ndi za kuzizira kwa kumeneko. Iwo anati, "Zimenezo zisiyeni. Kumeneko munthu amalowa kopesera thonje atavala jekete lakuda, n'kutuluka likadali lakuda. Kudenga kuli mapaipi akuluakulu oyamwa fumbi. Anaika kalekale, chifukwa anthu awo ankadwala ngati ife."

Kampango atabweranso, a Nabanda anachita chimene amuna tonse tinkaopa. Anavula kansalu kaja, naima patsogolo pake, nauza kapitawo kuti, "Mufunseni, mapaipi oyamwa fumbi aja abwera liti kuno?" Ine ndinali pakhomo ndi chitini changa cha mafuta, mumtima ndikuti ntchito yatha basi. Kampango sanakwiye. Anagwedeza mutu nati nkhaniyo akuidziwa, koma chinthu chachikulu chotere amavomereza ndi akuluakulu a kwawo, ndipo akafika akawakumbutsa. Chaka chotsatira anabweranso ndi kampango kake. Mapaipi sanabwere.

Kenaka zinafika zaka zija zimene inu mumangozimva. Mafamu analandidwa, ndipo anthu akwathu ambiri amene anabadwira m'mafamu anapezeka pamsewu ndi mitolo pamutu, opanda mudzi wopitako. Apongozi anga aakazi anabwera kudzakhala m'chipinda chimene mumagona inucho, atanyamula mphasa ndi mbewu za maungu m'kachitini. Thonje linachepa, magetsi anayamba kuthima, ndalama zinamera maziro mpaka tinasiya kuwerenga. Unkathamanga ndi mari, malipiro a mwezi wonse, kupita kusitolo, n'kukapeza mashelefu okhaokha. Eni ake a ku Ulaya sanadikire kuti aone mathero. Anagulitsa fakitale kwa anthu ena a konkuno nachoka mwakachetechete, osatsanzika n'komwe. Atsopanowo analimbana nayo pang'ono, kenaka mmawa wina tinapeza geti lamangidwa ndi unyolo.

Ine ndi Che Amidu tinabwerera ku Gadzema kukasefa dothi m'migodi yakale kufunafuna kagolide, amuna aimvi pakati pa anyamata. Bambo akanadzuka akanandikalipira m'Chilapalapa. Che Amidu kukumba sankatha. Akaponya fosholo pang'ono ankakhala pansi, pakamwa pali yasa, ndiye ntchito yawo inali kusefa basi.

Kunyumba kuno a Nabanda anali atasiya kwaya. Poyamba ankapuma pakati pa mzere wa nyimbo, kenaka pakati pa liwu, ndiye tsiku lina anapinda yunifolomu yawo naiika pansi pa sutikesi, osanena kanthu. Ankagulitsa tomato pageti apa atakhala pampando. Kugona chagada sankatha, ankatsamira khoma ndi mapilo. Kuchipatala anawajambula, dokotala nati si chifuwa chachikulu ayi, ndi fumbi la zaka zambiri, mapapo auma. Anati mankhwala ochepetsako alipo koma kuno atha, muyese kugula. Kugula ndi chiyani? Ndi nthawi imeneyo amayi anu Loveness anawoloka kupita ku Joni, kuti azitumiza pa basi timankhwala tija topopera m'kamwa.

A Nabanda anatisiya m'nyengo yozizira, masana. Anali akuothera dzuwa pakhondepo. Anandituma madzi akumwa, nati, "A Mbewe, musathamange, mungagwe." Nditabwera ndi kapu ndinapeza mutu wagwera paphewa, ngati munthu wogona m'sitima. Kapuyo ndinaigwira nthawi yaitali, osadziwa poiika.

Dikirani kaye. Ayi, si kanthu, ndi utsi wa kwa aneba uwu. Amaotcha zinyalala nthawi iliyonse anthu amenewa.

Patapita zaka, madola a ku Amerika atayamba kuyenda, panafika mtsikana wina pageti atanyamula chikwama. Anandiitana m'Chishona ngati agogo ake nati, "Sekuru, simukundikumbuka? Ndine Chipo, mwana wa malemu kapitawo wa kopesera thonje." Ndinkamudziwa ali kamwana kobweretsera bambo ake sadza, nsima ija, pageti la fakitale. Tsopano anali loya, akugwira ntchito limodzi ndi maloya anzake a ku Ulaya. Bambo ake, otolera tinsalu aja, nawonso anapita ndi chifuwa chomwecho. Anatisonkhanitsa m'holo ya tchalitchi kuno ku Rimuka, odwala otsala ndi ife amasiye, nati akufuna tikasumire kampani yaikulu ija kukhoti la kwawo komweko.

Wina anafunsa, "Bwanji osasumira ya konkuno?"

Chipo anati, "Ya kuno inafa, latsala ndi dzina. Mukaiwina mlandu mulandira dzimbiri. Koma ndikuuzeni zoona, njira imeneyi ndi yaminga. Pamalamulo kampani ili ngati munthu payekha. A ku Ulaya anena kuti ya kuno inali munthu wina, iwo anali ndi magawo chabe, za fumbi sizinkawakhudza."

Che Amidu anali atakhala pafupi ndi zenera kuti azipeza mpweya. Anati, "Phindu linkadziwa njira yopita kwa eni ake chaka chilichonse osasochera. Mlandu wokha ndiye wasochera?"

Ine ndinawonjezera kuti, "Kwathu mbuzi ikadya chimanga cha eni, sitizenga mbuzi. Timapita kwa mwini wake."

Chipo anamwetulira nati, "Zoona, Sekuru. Koma kumeneko sikokwanira kunena kuti mbuzi ndi yake. Tiyenera kuonetsa kuti chingwe chinali m'manja mwake, ankaona kumene ikudya, ndipo akanatha kuikoka. N'chifukwa chake ndikufuna aliyense amene anaona mlendo uja akuyendera andiuze zimene anaona."

Anandisankha kukhala wapampando wa gulu lathu, mwina chifukwa khutu logonthali limandithandiza kupirira mikangano.

Mlandu wa kutali, ana inu, umatopetsa ngati kudikira basi panjira imene sudziwa ngati imadutsapo. Zaka zinatha tisanafike n'komwe pa nkhani ya fumbi. Ankangokangana za kumene mlandu uzengedwere. Kampani inkati upite ku Zimbabwe kumene zinachitikira, maloya athu ankati kuno kulibe woyankha. Ife tinkangoika maliro. Msonkhano uliwonse mabenchi ankachuluka kuposa anthu. Poona kuti mboni zikutha, khoti linalola kuti okalamba tipereke umboni wathu msanga. Kupita ku Ulaya sindikanatha. Chitupa changa chinali ndi chizindikiro chija chakuti ndine mlendo, ine wobadwira ku Gadzema, ndipo pasipoti inali maloto. Ndiye anandipititsa ku Harare, kukandikhazika m'chipinda chozizira patsogolo pa kanema wamkulu.

Pa kanemapo panaoneka anthu ovala zakuda, ndi mnyamata womasulira, wa ku Lilongwe, wokhala komweko ku Ulaya. Atangoti, "Agogo, mwaswera bwanji? Khalani omasuka," mtima wanga unangoti myuu. Chichewa chake chinali cha bambo anga, chosasakaniza, chimene sindinachimve chimwalirireni iwo. Koma changachi chinamuvutitsa mnyamatayo. Ndikati basa, ndikunena ntchito, iye, "Pepani agogo, basa n'chiyani?" Ndikati mari, iye n'kuima. Oweruza ankadikira ife tikuphunzitsana.

Musaganize kuti agogo anu anachita zaukatswiri. Loya wa kampani anali mayi wofatsa mawu, koma mafunso ake ngati singano. Chinali chaka chanji? Kampango dzina lake lenileni ndani? Munamva bwanji zimene ananena, poti mwanena nokha kuti khutu lanu ndi logontha ndipo makina ankasokosa? Zaka ndinazisokoneza. Thukuta linatuluka m'chipinda chozizira chija. Ndinangoti makina anali atawazimitsa chifukwa cha iyeyo, ndipo kapitawo anabwereza mawuwo mokweza m'Chishona. Atandifunsa ngati a Nabanda ankasuta fodya, ndinangopukusa mutu, womasulira n'kunena kuti agogo akuti ayi. Ndinatuluka ndikudziona wolephera. Chipo anandigulira tiyi nati, "Mwanena zimene munaona, Sekuru. Enanso anena zomwezo."

Patapitanso nthawi, tsiku lina Chipo anafika akuthamanga kuchokera potsikira kombi, nsapato zili m'manja. Oweruza akuluakulu a kumeneko anali atagamula kuti mlandu uzengedwe kwawo, kampani yaikulu iyankhe yokha ngati inkayang'anira za umoyo wathu kapena ayi. Chipo ananenanso kuti Kampango akadali moyo, nkhalamba ngati ine, ndipo adzaitanidwa kudzayankha mafunso. Amayi analulutira m'holo muja. Ine ndinayamba kukonzeka. Ndinkafuna ndidzamuone pa kanema paja akufunsidwa za mayi amene anavula kansalu patsogolo pake, anene ndi pakamwa pake kuti inde ndinaona, ndinadziwa, tinalakwa. Ndinkalankhula ndekha pothirira ndiwo kuseriku, kuyeserera mmene ndidzakhalire tsiku limenelo.

Koma kampani itaona kuti chitseko chatseguka, inatumiza mawu. Inati ipereka chipukuta misozi kwa onse, odwala ndi amasiye, ndi thandizo la chipatala kwa otsala, mlandu uthere panja. Kungoti pasainidwe kuti siikuvomera kulakwa kulikonse. Chipo anatiuza mosabisa. Anati, "Mukakana tipitiriza, ndipo mwina tiwina, mwinanso tiluza. Koma zitenga zaka zina, chifukwa ngakhale titawina adzachita apilo. Musankhe ndinu."

Ndinakwiya, ana inu, monga sindinakwiyirepo. Tsiku la msonkhano ndinaimirira n'kulankhula ngati mlaliki. Ndinati, "Abale anga, akufuna kutitseka pakamwa. Akazi athu, amuna athu, anafa ngati nkhuku za chitopa, ndiye ife tilandire kanthu n'kuvomera kuti palibe anawalakwira? Tadikira zaka zonsezi, tilephere kudikira zotsalazi?" Anthu anaomba m'manja. Ndinaona kuti ndikangoti tikane, akana, chifukwa ankandimvera.

Che Amidu anafika mochedwa. Ana awo anawakankha pa wilibala kuchokera pamene kombi ya ku Gadzema imaima, atawayalira bulangete. Anakweza dzanja. Anati, "A Mbewe... akunena... zoona." Anapuma. Tinkamva mpweya ukulira m'chifuwa mwawo ngati chitseko chadzimbiri. "Tisa... landire. Tipi... tirize." Mawu ochepawo anawatengera nthawi yofanana ndi ulaliki wanga wonse. Pomaliza milomo inali itada, mwana wawo akuwakupiza ndi chipewa.

Ndinayang'ana m'mabenchi. Amene tinkaomba m'manja kwambiri tinali ife amasiye, a mapapo abwino. Odwalawo anali chete, maso pansi, akuchita manyazi kunena kuti akufuna kukhalabe ndi moyo. A Nabanda khoti silikanawadzutsa. Koma Che Amidu anali pomwepo, ndipo zaka zimene ndinkati tidikirezo zinali zawo, osati zanga.

Pamene Chipo anati amene akuti tilandire akweze manja, langa linali loyamba. Ena anandiyang'ana ngati ndapenga. Mayi wina wamasiye analavula pafupi ndi phazi langa potuluka, ndipo mpaka lero sitipatsana moni. Sindimuimba mlandu.

Kampango sanaitanidwenso. Zimene akananena sindidzazidziwa. Gawo langa ndi limene linabweza amayi anu ku Joni ndi kukulipirirani sukulu, ndiye mukamajomba dziwani kuti mukujomba pa chifuwa cha agogo anu. Iwe Tafadzwa, ndikunena iwe. Chipo amati ngakhale mlandu unathera panja, chigamulo chija chinatsala, chakuti kampani yaikulu ikhoza kuitanidwa kwawo komweko kukayankha za kuno, ndipo ena a m'migodi ndi m'minda adzadzera pakhomo lomwelo. Mwina n'zoona. Wophunzira ndi iyeyo.

Pa gawo la Che Amidu, ana awo anawagulira makina opereka mpweya, ndi sola padenga chifukwa cha magetsi athuwa. Anaona mvula ziwiri zina. Anaona mdzukulu wawo akukwatiwa, anadya mpunga wa Idi ndi ana awo, anafika poyenda okha mpaka pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Ndinkapita ku Gadzema kukawaona, n'kumasewera bawo pansi pa mtengowo, kapaipi kali m'mphuno.

Tsiku lina ali pakati pofesa nkhomo anaima nati, "A Mbewe, ndikufunseni. Mumandisungira mkwiyo?"

Ndinati, "Mkwiyo wanji, Che Amidu?"

"Munasiya mlandu wa a Nabanda chifukwa cha ine. Ndinakuonani."

"Palibe mkwiyo."

Anandiyang'anitsitsa nati, "Mukunama pang'ono."

Ndinati, "Pang'ono."

Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuwagwira msana, nanenso ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe tonse awiri. Atapeza mpweya anati, "Ndikakawapeza ndikawauza ndekha. Ndikati, mlamu, mwamuna wanu uja anatenga mlandu wanu n'kundigulira mvula ziwiri."

Ndinati, "Mukawauze mosamala, amakalipa aja."

Anati, "Ndikudziwa. Ndikayambira patali."

Anapita mvula yachitatu isanagwe. Sindikudziwa ngati anawapeza, kapena mmene a Nabanda anayankhira. Masiku ano ndimaganiza zimenezo kwambiri kuposa za Kampango. Ndikadzafika ndidzamva ndekha.